Chimphona ndi Sipanala Yolira

Inu amene mwadzuka lero thupi lili lolemera, osadziwa n'komwe kuti mwadzukiranji, khalani pansi mumve za munthu wina wokonza matayala.

Chaka chimene anakwanitsa zaka makumi anayi ndi zitatu, Chimphona ankakhala kuseri kwa msika, pafupi ndi dzala, akusenda zingwe m'matayala akutha n'kumagulitsa kwa azimayi omanga mitolo ya nkhuni. Chuma chake chinali mpeni umodzi, chitini cha madzi oviikamo mpeniwo, ndi mthunzi wa khoma umene unkatha dzuwa lisanafike pamutu. Dzina la Chimphona anamupatsa ali mnyamata chifukwa cha mapewa. Mapewawo anali adakalipo, koma ankaoneka ngati katundu amene wina anamusungitsa n'kuiwala kudzatenga.

Sanayambire pa dzala. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anagwira ntchito pa galaja yoyang'anana ndi siteji ya minibasi, ndipo kamangidwe kake ka tayala kanali kotchuka. Ankapaka girizi pa mazinga a mabawuti kuti manati aziterera bwino. Kenako ankalowetsa paipi ya madzi, yaitali ngati mwendo wa munthu, ku sipanala, n'kukwera pamwamba pake ndi mapazi onse awiri, n'kumadzigwedeza mpaka chitsulo chilire ngati nkhumba yogwidwa mwendo.

Madalaivala ankamukonda chifukwa cha zimenezo. Ankati tayala lomanga Chimphona samasula munthu wamba. Amene tayala lamuphwera panjira ankatukwana, amuna atatu akulimbana ndi nati imodzi padzuwa, koma akabwerera pa siteji ankafotokoza monyadira ngati apambana mpira.

Tsiku lina alamu ake, mwamuna wa mlongo wake wamkulu, anabwera ndi minibasi yawo kudzaikitsa matayala atsopano. Poti anali abale, Chimphona anadzigwedeza pa paipi kawiri kuposa masiku onse. Patapita masiku asanu ndi anayi, pa mtsetse wotsikira ku mlatho, tayala lakutsogolo linachoka n'kuwapitirira alamuwo ngati lili ndi ulendo wakewake. Minibasi inakagwera m'ngalande. Mwamwayi munalibe okwera, chifukwa ankapita nayo kokatsukitsa. Koma alamu anathyoka fupa la m'chiuno.

Mwini galaja sanafune zambiri.

"Unaiwala kumanga."

"Ndinamanga, bwana."

"Ndiye tayalalo linamera mapiko? Siya ovolosi yangayo pa msomali."

Kuchipatala, mlongo wake anamuimitsa pakhomo la wodi. Mayi ameneyu ndi amene anamulera makolo awo atamwalira.

"Achemwali, ndinamanga. Ndikulumbira."

"Kulumbira kwako kuyendetsa mwamuna wanga? Pita. Ndikadzakufuna ndidzakuitana."

Zaka ziwiri zinatha osaitanidwa. Ana a mlongo wake ankamuona mumsewu n'kuyang'ana m'mafoni. Ukwati wa mwana wawo woyamba anaumva kwa anthu ogula zingwe.

Chimene chinkamudya kwambiri n'chakuti ankakumbukira bwinobwino kuti anamanga. Ataganiza miyezi yambiri, anagamula kuti ndiye kuti sanamange mokwanira. Kuyambira pamenepo chilichonse chozungulira chinaona zakuda m'nyumba mwake. Botolo la mafuta ophikira likatsekedwa ndi iye, mkazi wake ankapita nalo kwa aneba. Mpopi wa pabwalo anaupotokola mpaka unathyoka khosi.

"Bambo ake, mpopi si minibasi," anatero mkazi wake, akukolopa madzi. Sanaseke, ndipo naye sanaseke.

M'mawa wina kunabwera mkulu wina wa imvi, wovala malaya ochapidwa mpaka kuyera m'kolala, kudzagula zingwe zomangira mitengo ya tomato. Anthu ankangowatchula kuti a Folomani, chifukwa anayang'anira amakaniko zaka makumi atatu pa depoti ya mabasi. Amene anachoka m'tauniyi kalekale akabwerera amaifunafuna depoti imeneyo. Amapeza holo yochitira maukwati yopakidwa utoto wa pinki, ndipo pa dzenje limene amakaniko ankalowera kunsi kwa basi pali maluwa apulasitiki. Nthawi ya depotiyo basi inkanyamuka pa ola lolembedwa, ndipo munthu akamanga tayala ankasaina dzina lake. Lero tinasiya kusaina. Timangopemphera galimoto ikamanyamuka.

A Folomani anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwe uja wa tayala lothawa?"

"Ndine, bambo."

"Manati anawapeza?"

"Anawatola m'mphepete mwa msewu."

"Okhaokha, kapena ali ndi zidutswa za mabawuti m'kati?"

Chimphona anaika mpeni pansi. Pa zaka ziwiri zonsezo palibe amene anamufunsapo funso limenelo. Anthu ankangofunsa ngati anali ataledzera.

"Munali zidutswa m'kati."

"Ndiye sanamasuke. Anaduka. Ubwere kwathu mawa, nyumba yachitatu kuchokera pa thanki ya madzi. Usabwere ndi nkhope ya maliroyo, nkhuku zanga zimasiya kuikira."

Pakhonde la a Folomani panali benchi lachitsulo lokhala ndi chopanira. Manja a mkuluyo ankanjenjemera kwambiri moti tiyi ankamwera m'kapu yodzaza theka. Anamupatsa bawuti latsopano, nati yake, girizi ndi paipi, n'kumuuza kuti amange monga ankamangira pa galaja. Chimphona anamanga ndi mtima wonse. Atamasula, a Folomani anagoneka bawutilo pafupi ndi lina losagwiritsidwa ntchito.

"Taona."

Lija lomangidwa linali litatalika pang'ono, ndipo pakati linali litaning'a.

"Bawuti limatamuka ngati mphira, kungoti maso sangaone," anatero a Folomani. "Ukamanga bwino limatamuka pang'ono, ndipo kukoka kwake pofuna kubwerera ndi kumene kumagwira tayala. Ukapitiriza, silibwereranso. Limatopa. Limayamba kamng'alu, kenako limadikira dzenje limodzi la mumsewu. Girizi wakoyo ndiye mfiti yeniyeni. Nati imaterera, iwe n'kumaona ngati sinalimbe, pamene chitsulo chafika kale polira."

Chimphona anakhala pansi pa simenti. Nkhuku inadutsa pakati pa miyendo yake.

"Alamu ndinawaonjezera dala," anatero. "Poti ndi abale."

"Eya. Ukanadana nawo bwenzi akuyenda bwinobwino."

Kenako mkuluyo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bokosi lalitali. M'katimo, itakulungidwa m'malaya akale, munali sipanala yaitali ngati mkono, chogwirira chake chili ndi manambala. Anamuonetsa kuti umazunguliza chogwiriracho mpaka pa nambala imene opanga galimotoyo analemba m'buku lake. Ukamakoka n'kufika pa mphamvu imeneyo, sipanalayo imalira kamodzi, kha, ndipo umalekera pomwepo.

"Nambala ndili nazo m'mutu, koma manja anapita kale pa penshoni," anatero a Folomani. "Iwe manja uli nawo. Za mutuwo tiona."

Kuphunzira kunamutengera milungu isanu ndi umodzi, pa tayala la galimoto yakufa imene inkagona kuseri kwa nyumbayo. Kupala dzimbiri ndi bulashi ya waya pamene pamakhala limu, chitsulo chimene tayala limavalapo. Kusiya mazinga ali oyera, ouma, opanda girizi. Kuyamba nati iliyonse ndi zala, kuti ikalowa mopendama uimve. Kumanga modumphadumpha, iyi kenako yoyang'anana nayo, ngati ukujambula nyenyezi, kuti limu ikhale mofanana mbali zonse. Kutsitsa jeke, tayala liponde pansi, kenako n'kumalizitsa ndi sipanala yolira.

Zonsezo anazigwira msanga. Chimene chinamuvuta chinali kuleka. Sipanala ikalira, mapewa ake ankapitirira okha. A Folomani ankamenya benchi ndi ndodo.

"Yalira. Wamva kuti yalira. Ukudikira chiyaninso, iimbe kwaya?"

"Ikuoneka ngati yachepa, bambo."

"Kwa iwe chilichonse n'chochepa. Masula, uyambirenso."

Mlungu wachisanu ndi chimodzi, sipanala inalira ndipo mkono wake unaima wokha. M'malo mosangalala, Chimphona anaika sipanalayo pansi. Anali atakumbukira kuti mabawuti amene anawatamula pa zaka zonse zija sanapite kulikonse. Matayala amasinthidwa, koma mabawuti amakhala omwewo. Anali mumsewu nthawi yomweyo, atanyamula anthu opita ku ntchito. Ndipo onse amene anatsala pa galaja anaphunzira kukwera paipi kwa iye.

"Ndibwerekeni sipanalayi," anatero.

"Akakutukwana."

"Akunditukwana kale, bambo. Kungoti sindikhalapo."

M'mawa uliwonse anayamba kupita pa siteji, bokosi lalitali lili m'khwapa, kupempha madalaivala kuti awaonere mabawuti ulere. Tsiku loyamba oitanira anthu anamulandira ndi mluzu.

"Bisani matayala, wabwera mwini wake."

"Achimwene, mwabwera kudzamalizitsa otsala?"

Dalaivala wina, amene kale ankamugulira zoziziritsa kukhosi, anamuuza pamaso pa okwera kuti akangokhudza galimoto yake amuitanira apolisi. Wina anatenga sipanalayo, n'kuiika kukhutu, n'kufunsa ngati imagwira wailesi yanji. Chimphona ankafotokoza za kutamuka kwa chitsulo, koma mawu ankamuthawa. Munthu amene wakhala zaka ziwiri akulankhula ndi mpeni sakhala mlaliki tsiku limodzi.

Dzuwa likakwera ankabwerera ku dzala kukasenda zingwe, chifukwa m'nyumba munkafunika kudya. Miyendo inkatupa. Mkazi wake ankamuthirira madzi ofunda m'beseni n'kumamuyang'ana.

"Anthu amapita kuntchito kukalandira malipiro. Inu mumapita kukalandira matukwano, ndipo simujomba."

"Mawa ndipitanso."

"Ndikudziwa. Malaya ndachapa."

Inatha miyezi itatu chonchi. Palibe tsiku limene anadzuka ndi chiyembekezo. Ankangodzuka.

Amene anayamba kumulola anali mayi wina woyendetsa kagalimoto konyamula ana asukulu, amene ankaima pa siteji akatula anawo.

"Ine sindikukhulupirira zimene mumanenazi," anatero mayiyo. "Koma ndatopa kukuonani mutaima ngati chikwangwani. Onani tayala limodzi, ine ndili pompano."

Chimphona anaika jeke. Nati yoyamba inatuluka, yachiwiri inatuluka. Atangogwira yachitatu, asanaike n'komwe mphamvu, inagwera m'manja mwake pamodzi ndi theka la bawuti. Anaipereka kwa mayiyo. Pamene panadukapo panali pakuda ndi dzimbiri pafupifupi ponse. Kachigawo kowala, kamene kanali kakugwirabe mpaka m'mawa umenewo, kanali kochepa ngati chikhadabo cha khanda.

Mayiyo anayang'ana chitsulocho, n'kuyang'ana mipando ing'onoing'ono ya m'galimoto mwake, mmene munali botolo lakumwera la mwana wina loiwalika. Kenako anayenda pang'onopang'ono kupita pamene madalaivala ankasewera makhadi, n'kuchiika pakati pa makhadiwo.

"Ana khumi ndi anayi," anatero. "Ena mwa iwo ndi anu."

Sikuti tsiku lomwelo siteji yonse inatembenuka mtima. Anthu sachita manyazi pagulu, amakachitira kunyumba. Koma m'mawa mwake dalaivala wina anaimika minibasi patali, n'kumukodola ngati akufuna kumuuza za maliro. Mlungu wotsatira anabwera atatu. Pofika nyengo yamvula Chimphona anali ndi kashedi ka malata kumapeto kwa siteji, jeke wakewake, ndi thabwa limene a Folomani analembapo nambala za magalimoto osiyanasiyana ndi zilembo zonjenjemera. Mkuluyo ankabwera kawiri pa mlungu kudzakhala pampando n'kumatsutsa chilichonse. Sipanala anamusiyira.

"Ukamaweruka uziibweza pa nambala yotsikitsitsa, sipuling'i yake ipume. Ukaigwetsa pansi, undiuze ndikadali moyo kuti ndikutukwane bwino."

Ntchito inabwerera. Dzina linabwerera pang'ono. Koma msewu wopita kwa mlongo wake ankaudutsabe moyang'ana kumbali.

Loweruka lina masana, kagalimoto kotuwa kanaima patsogolo pa shedi, tayala lakumbuyo litaphwa. Chitseko chinatseguka, kunatuluka ndodo kaye, kenako alamu. Anali ataonda, ndipo ankayenda mopendekera mbali imodzi. Kumpando wina kunali mlongo wake wa Chimphona, atayang'ana kutsogolo.

"Laphwera apa pomwe," anatero alamu. "Ndipo aliyense akuloza kuno ngati m'tauni muno mulibenso munthu wina."

Chimphona anapukuta manja, ngakhale anali oyera. Anazungulira n'kuima pa windo.

"Achemwali, tsikani pang'ono. Jeke safuna munthu m'kati."

Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba kwa mlongo wake pa zaka zitatu. Mayiyo anatsika, n'kukaima pamthunzi atapinda manja.

Anachotsa tayala, anapeza msomali, anamata. Anayang'ana mabawuti limodzilimodzi, n'kupeza ali bwino. Anapala dzimbiri, anayamba manati ndi zala, anamanga modumphadumpha, anatsitsa jeke. Anayang'ana pa thabwa n'kuika sipanala pa 110. Inalira kasanu. Anaimirira.

"Basi?" anafunsa alamu.

"Basi, alamu."

"Onjezerani."

"Yakwana pamenepo."

"Ndati onjezerani. Tengani paipi mukwerepo. Kale simunamange, zotsatira zake ndi izi." Anamenya chiuno chawo ndi chikhatho. "Zaka zitatu ndikugonera mbali imodzi. Lero mumange ine ndikuona, ndipo nkhani ithere pompano."

Madalaivala angapo anali atayandikira. Chimphona anaona bwinobwino chimene akumupatsa. Paipi inalipo, kuseri kwa shedi, imene ankamasulira manati omangidwa ndi ena. Kudzigwedeza kamodzi kokha, mwina bawuti silikanamva n'komwe, ndipo chitseko chimene anachidikira zaka zitatu chikanatseguka. Anali atatopa kwambiri. Mapewa ake anali atayamba kale kutembenukira kumene kunali paipiyo.

"Alamu," anatero, mawu ali otsika, "amene anakuvulazani ndine. Zimenezo sindidzazikana mpaka kufa. Koma sindinakuvulazeni poiwala. Ndinakuvulazani poonjezera. Lero sindionjezera. Ngati mukufuna paipi, galaja ili apo, akumangirani. Koma akatero, mlongo wanga asakweremo."

"Tsopano mukulamula mkazi wanga?"

"Ayi. Ndikupempha."

Alamu anatsegula pakamwa, koma mkazi wawo anali atachoka pamthunzi. Anayenda mpaka pa tayala, analiyang'ana ngati angaonepo kanthu, kenako anayang'ana Chimphona kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Bambo ake," anatero, "mwana uyu ndinamulera ine. Chibadwire sanakanepo munthu. Anzake ankamusenzetsa zikwama zawo kusukulu, iye n'kumaseka. Mwini galaja ankamugwiritsa ntchito Lamlungu, iye n'kumathokoza. Lero wakukanani inu, pamaso pa anthu, akudziwa chimene akutaya. Tiyeni tizipita."

Analowa m'galimoto n'kutseka chitseko. Alamu nawonso analowa. Injini italira, mayiyo anatsitsa windo.

"Akuti mumauza anthu kuti abwerenso?"

"Mukayenda makilomita makumi asanu, achemwali. Manati amakhazikika, ndiye timayesanso."

"Ife sitibwera kuno kufumbi. Ubwere ndi chitsulo chakocho kunyumba mawa tikaweruka ku tchalitchi. Ubwere ndi mlamu wanga. Ndipo umete, ukuoneka ngati wathawa kuchipatala."

Galimoto inanyamuka pang'onopang'ono, chifukwa alamu anali asanakhulupirirebe tayalalo. Chimphona anaiyang'ana mpaka inakhota. Kenako anakhala pa jeke n'kuphimba nkhope ndi manja, ndipo madalaivala aja anabalalika, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi chochita.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina nanunso munalakwa mukuganiza kuti mukuchita zabwino, ndipo amene munawapweteka ndi amene mumawakonda. Sindikulonjezani kuti zidzatha msanga, kapena kuti wopunduka adzawongoka. Koma funsani kuti chinaduka n'chiyani kwenikweni, phunzirani ngakhale imvi zitayamba, ndipo mawa mupitenso pamene anakusekani lero. Mudzatopa, inde. Topani muli panjira. Mtima wokhawo musautaye.